Dengu Lomwe Simukutula

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ine kuno ku Lizulu ndilipo, koma mawondo akukana. Kumunda ndimapita mochedwa, n'kubwerako dzuwa lisanafike pamutu.

Chichokereni inu takolola kawiri. Kachewere wa chaka chino sanachite bwino, chiwawu chinagwira masamba asanakhwime. Mkazi wa Yohane, mwana wanga woyamba uja, wachira mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe, sanaisiye.

Kalatayi ine ndikungoyankhula, akulemba ndi Elube, mdzukulu wanu, amene wabwera Loweruka kuchokera ku Lilongwe. Ndamuuza kuti alembe monga ndikunenera, asakonze mawu. Paja munkati sukulu ya mwana wamkazi ndi nkhokwe yosalowa anankafumbwe. Simunaname. Pa ntchito yake anthu amamupatsa mavidiyo, iye n'kudulako kachidutswa kakafupi, kopanda mawu, kamene kakafika kumapeto kamayambiranso kokha. Akuti dzina lake ndi gifi, amaika pa intaneti. Kutchalitchi ndauza aliyense, ndi amene sanafunse omwe.

Koma nkhani yandilembetsa ndi iyi. Mukukumbuka tsiku lija anakujambulani pamsika mukusenza dengu la kachewere? Gulu lathu la alimi linafuna tsamba la pa intaneti kuti ogula a m'tauni atidziwe. Elube anadula vidiyo ija n'kukuikani pamwamba penipeni. Mumawerama, mumakweza dengu, mumaliika pa nkhata, mumaseka. Kuphethira kamodzi, mwaweramanso. Tsiku loyamba ndinaseka mpaka misozi. Kenako ndinayamba kudikira kuti mutule. Madzi a tiyi anawira mpaka kuphwa, inu osatula. Ndinafunsa Elube ngati mumapuma ndikazimitsa foni. Anati ayi, wina akatsegula ku Blantyre mumasenzanso.

Kuyambira pamenepo mtima sunakhale pansi. Mwasenza moyo wanu wonse, Amayi. Khosi lanu linachita kukhota, ndinkalisisita ndi mafuta ndine. Kumanda abusa anati mwatula katundu, ife tonse tinavomera. Lero ife omwe takusenzetsaninso, pamaso pa alendo osadziwa ndi dzina lanu lomwe.

Ndinamupempha Elube kuti asankhe pamene munakhala pa thumba kupuma. Anayesa, mwana womvera. Ndiye mumakhala, n'kudzuka, kukhala, kudzuka, ngati mwakhalira linthumbu. Zinaposa zoyamba zija.

Kumuuza kuti achotse ndakhala ndikulephera. Imeneyi ndi ntchito yake yoyamba imene mudzi wonse waiona, ndipo apampando a gulu akuti ogula ayamba kuimba foni. Elube akandiyang'ana monyadira, ndimangoyamikira ntchito yake. Ndatopa nazo, Amayi, kuposa mmene ndatopera ndi khasu. Inu munkati chikakulemera pakamwa, uza mtengo mwini nkhani ali pafupi. Pepani kuti lero mtengowo ndinu. Ndikuuza inu kuti ndikufuna dengu lija litsike, mwini nkhani akumva.

Apa Elube waika cholembera pansi. Wapukuta m'maso ndi chitenje changa, osapempha. Akuti akanadziwa sakanakuikani, iye amangofuna kuti anthu aone kuseka kwanu. Ndamuuza kuti sanalakwe, kuseka kuja tinakuona kale, kuli ndi ife. Tagwirizana kuti patsambapo aike kachewere yekha akugubuduka kuchokera m'thumba. Ameneyo agubuduke mpaka kalekale, alibe khosi.

Vidiyo yonse ija tisunga pakhomo. Imeneyo ili ndi mawu anu, ndipo kumapeto kwake mumatula dengu n'kupempha madzi akumwa.

Ndikukulonjezani kuti mawa Elube sakwera minibasi ndisanaone ndi maso anga kuti mwatsika patsamba paja. Pumulani tsopano, Amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Estere