Mliri pa Tebulo Lodyera

Lolemba, 17 Febuluwale

Ana afika, holide yonse ali kwa ine. Kunja kukuzizira -31, mzinda wonse wa Saskatoon waumiratu ndi chisanu. Linus wandikumbatira pakhomo, koma Odette wangoti "Bho, Adadi," maso ali pa foni.

Mayi awo, Colleen, anandikokera pambali kundikumbutsa pangano lija: Odette akakwana zaka 12 azisankha yekha kubwera kwa ine kapena ayi. Wakwana mwezi watha. Akuti akuganizabe. Ndinangoti chabwino, koma mtima unangoti myuu.

Ndawagulira masewera a pa bolodi. Mapu a dziko lonse, timatabwa ta mitundu inayi ndiwo matenda, ndipo nonse mumalimbana ndi mliri limodzi. Kuwina nonse, kuluza nonse. Ndati awa ndiye sitikangana.

Lachiwiri, 18

Tawina kawiri! Zaka 16 ndikuyankha mafoni a ngozi ndi kutumiza maambulansi uku ndi uku, ndiye izi kwa ine ndi phala. "Linus, thamangira ku Lagos. Odette, mpatse khadi lofiiralo. Ayi, osati ilo!" Matenda onse balala.

Linus anavina. Odette akuti mutu.

Lachitatu, 19

Tili mkati mosewera, O. anaunjika makhadi ake patsogolo panga. "Tengani, Adadi, muzisewera nokha. Ife ndife maambulansi anu basi." Ulendo kuchipinda, chitseko phwa!

Ndinakwiya, ndisaname. Mwana wanji wopanda ulemu chonchi? Koma Linus anati chapansipansi, "Dzulo ndimafuna kupita ku Sydney, simunandifunse."

"Ku Sydney kunalibe matenda, iwe."

"Ndimangofuna kupitako."

Ndakhala ndikuganiza. Pa masewera onsewa, ndi liti pamene mwana anasuntha kachidole kake mwa kufuna kwake? Palibe. Ku hoke, mpira wa ndodo wa pa ayezi uja, ndimamukuwira Odette pokaima. Homuweki ndimamulanda pensulo. Ku ntchito ukachedwa kulamula munthu amafa, ndiye pakamwa panazolowera. Koma pano ndani akufa? Timatabwa? Manyazi andigwira.

Lachinayi, 20

Sitinasewere. Maperogi, tizitumbuwa ta mbatata mkati, apserera. O. wadyera kuchipinda.

Lachisanu, 21

Ndikutsuka mbale, ndinamva bokosi likutsegulidwa. Awiriwiri, osandiitana. Ndinatseka mpopi, khutu tcheru.

L.: "Ndili ndi makhadi achikasu atatu, ukuwafuna?"
O.: "Kaya. Iwe ukuona bwanji?"

Ukuona bwanji! Anakangana za Cairo mwina mphindi zisanu, wina kudikira mnzake amalize. Kenako mliri unawabuka paliponse, analuza. Linus anayamba kufwenthera. Odette anati, "Usalire, ndine ndinachedwa ku Cairo. Komanso taluza tonse, si iwe wekha."

Chibadwire sindinamumvepo mwana ameneyu akuti "ndine ndalakwa." Sanaphunzire kwa ine, zimenezo ndikudziwa. Kawiri konse ndinawapatsa kuwina, sanatolepo kanthu. Aluza kamodzi okha, ndi izi.

Loweruka, 22

Andilola kubwerera, koma pali lamulo. Odette wabweretsa kampira kake kakuda ka hoke, wogwira kampirako ndiye woyankhula. Enanu chete.

Mayo ine! Ndimaona ndi maso angawa Lima ikudzaza matenda, awiriwa ali kalikiliki ku Asia. Ndinakhalira manja. Ndinaluma lilime mpaka kuwawa. Kampira katafika kwa ine, mawu anali kale kukhosi, mzere wonse wa malamulo. Ndinameza. Ndinati, "Mukufuna ndipite kuti?"

Anayang'anana. Linus anati ku Sydney. Ndinapita ku Sydney.

Lima inaphulika, tinaluza koopsa. Odette anaseka mpaka misozi. "Nkhope yanu, Adadi! Ngati mwameza tsabola." Sindinamumve akuseka m'nyumba muno chichokere chilimwe chatha.

Za pangano lija sindinafunse. Ndimaopa yankho.

Lamulungu, 23

Colleen analiza hutala 2 koloko, ife masewera ali pakati. Mankhwala awiri tapeza, awiri atsala, makhadi akutha. Zikwama zinali kale pakhomo. Ndinayamba kutolera timatabwa kuti ndibweze m'bokosi, Odette gwi dzanja langa.

"Musakhudze. Ndi nthawi yanga iyi."

"Amayi ako akudikiratu."

"Ndiye zikhale choncho mpaka ndidzabwere Lachisanu." Anajambula bolodi lonse pa foni. "Ndikapeza mwasuntha ngakhale kamodzi, ndidziwa."

Kampira kaja anakaponya m'thumba la jekete yake, akuti kuopa ndingamayankhule ndekha.

Apita. Tebulo lonse ladzaza mliri, Lima yayambanso kuvuta, ndipo ndikuona bwinobwino chofunika kuchita. Chakudya ndadyera choimirira, pafupi ndi sinki.