Nthambi za Mango pa Burma Road

Lachinayi, 10 Meyi 1979
Tamuika dzulo Eness. Mwana wanga woyamba, wa giredi folo. Lole ya mchenga inamugunda pa Burma Road pano, akuchokera kusukulu. Nsapato imodzi sinapezeke mpaka lero.

M'nyumba anthu akadali tho. Amayi a kutchalitchi akuimba, ine misozi yauma. Ndangokhala pawindo. Anyamata anayala nthambi za mango pamsewu monga timachitira pakagwa maliro, ndipo galimoto iliyonse ikukwawa. Madalaivala kuvula zipewa, ngakhale a minibasi osamva aja. Kani mabuleki ali nawo? Amangowasungira akufa.

Lamlungu, 13 Meyi
Abale abalalika. Tasesa, nthambi achotsa. Liwiro labwerera pomwepo ngati sipanagwe munthu.

Barbara, mng'ono wake, akugona atavala juzi ya Eness. Sakuyankhula. Amuna anga a Mathias nawonso, mwana wawo sakumutchula, amangotsegula wailesi osamvera. Mayi wina pampopi wandiitana kuti Amake Eness, kenaka wagwira pakamwa. Ndamuuza asasinthe, ndine yemweyo.

Lolemba, 21 Meyi
Ndabwerera kuntchito yotaipa ku Longacres. Ndimachoka mmamawa, Barbara amalowa sukulu masana. Womugwira dzanja powoloka anali Eness. Tsiku lonse zala pamakina, mtima kwathu ku Kabwata.

Dzulo tinapita kwa acheyamani a chipani kukapempha mizere yoyera yowolokerapo ana. Akuti, "Tizakambako ku miting'i, amai. Manje penti kulibe." Sopo kulibe, mafuta ophikira kulibe, penti kulibe. Mabokosi a maliro okha ndiye sasowa.

Lachiwiri, 22 Meyi
Ndachita. Mbandakucha ndathyola nthambi mumango wathu, ndayala pamsewu, uku ndi uko, ngati pali maliro. Podikira basi ndaona ndi maso anga: onse akukwawa. Madzulo Barbara ndamupeza akutsuka mbale. Wamoyo! Lero ndadya mpaka kukhuta.

Loweruka, 26 Meyi
Ndikuyala tsiku ndi tsiku. Anthu akubwera kudzafunsa kuti watisiyanso ndani. Agogo ena anachita kulowera pageti akulira kale, n'kupeza ine ndikuchapa. A Mathias akuti, "Bernadette, anthu akuti mutu wako wasokonezeka." Usokonezeke, bola mwana azifika pakhomo.

Lachitatu, 30 Meyi
Abwera Bana Chishimba, oyandikana nafe. Amuna awo, a Sampa, ali gone ndi chifuwa kuyambira nthawi ya mvula, ndipo windo lawo linayang'ana kumsewu. Akuti, "Imwe Amake Eness, ba Sampa bakaona masamba bafunsa ngati ni yao. Muitana imfa."

Mayi ameneyu ndiye anasambitsa mtembo wa Eness, ine manja atandikana. Koma ndamuyankha kuti imfa sichita kuitanidwa, njira ya kuno ikuidziwa kale. Wapita akupukuta m'maso ndi chitenje. Ndikudziwa ndamulasa, ndipo zikundiwawa. Mawa ndiyalabe.

Lachiwiri, 5 Juni
Madalaivala atulukira. A minibasi akungoponda nthambi, kondakitala mutu pawindo: "Amai ba masamba, ni ndani wafa lelo?" Ochepetsa liwiro ndi alendo okha. Mango nayenso watha, pomwe dzanja langa limafika palibe tsamba. Ndinakwera pa ndowa, ndinagwa, bondo latupa.

Lachisanu, 8 Juni
A Sampa atisiya mmawa uno. Anyamata ayala nthambi, za maliro enieni tsopano. Palibe ndi mmodzi yemwe wachepetsa. Hutala, fumbi, nyimbo osamveka. Mzimayi wina wobwera kudzapepesa ndi mtolo wa nkhuni wangotsala pang'ono kugundidwa, nkhuni mbwee pamsewu.

Nditalowa m'nyumba ya maliro nyimbo inaduka. Maso onse pa ine. Bana Chishimba sanandinene kanthu, anangosendera kundipatsa malo pamphasa. Bola akadanditukwana.

Chinthu chimodzi chokha chomwe madalaivala ankachiopa pamsewu uno, ndachitha ndi manja anga.

Lamlungu, 10 Juni
A Mathias akuti Barbara apite ku Katete kwa alongo awo. Kumeneko sukulu ili kuseri kwa munda, podutsa ndi ngolo za ng'ombe basi. Ndakana, ndakuwa, ndaswa kapu. Ndati ndisiye ntchito ndizimuwolotsa ndekha. Andifunsa kuti tizidya chiyani, malipiro awo akumathera pa lendi ndi ufa.

Masana ndaima pageti kuonerera ana akuchokera ku Misa. Kuthamanga, kuima pakati, kubwerera, kuthamanganso. Mtima kuphwanyika. Ndalowa, ndatsitsa sutikesi.

Lachitatu, 13 Juni
Barbara wapita ndi atate ake pa basi ya mmawa. Ndamumangira mbatata zophika m'kansalu. Juzi ndi yomwe ija, manja kuchita kupinda.

Basi italiza injini wandiitana pawindo, mwana amene wakhala chete mwezi wathunthu. Akuti, "Amai, nikaziba kuoloka neka, nizabwela?"

Ndati inde, mwanangu.

Sindinamuuze kuti Eness ankadziwa kuwoloka. Ndinamuphunzitsa ndekha, atandigwira chala. Kumanja, kumanzere, kumanjanso. Amene anaona akuti anayang'ana. Akuti anayang'ana konse, anadikira, ndipo...