Profesa ndi Kabatani

Lamlungu, 5 Okutobala

Miyendo yatupa. Dzulo chiimirire kuyambira masana mpaka dansi kutha. Madzi a mufuriji onse psiti, ndi otentha omwe amachita kundilanda m'manja. Mowa wa bwana wa holo uli phee m'makireti. Ana a masiku ano safuna mowa, akumeza timapiritsi tawo tija akuti kabatani. Akatero ludzu. Ine ndidandaulirenji, ntchito yanga ndi kugulitsa madzi.

Koma uchitsiru wake! Maso ali tong'o, thukuta kamukamu, nsagwada zikungoyenda ngati mbuzi yobzikula. Mnyamata wina, ndevu pepeya, anandikumbatira akulira, akuti amandikonda kuposa amayi ake. Ndinamuuza kuti ayambe walipira, chikondi pambuyo. Sukulu zodula, Chingelezi cha m'mphuno, m'mutu muli mbee.

Bwana anatsekanso mipopi ya kuchimbudzi kuti asamwe aulere. Akuti zikundipindulira ine, ndiye lendi ya tebulo akweza. Mbava yovala tayi.

Lachitatu, 8 Okutobala

Mng'ono wanga waimba, kufunsa za mwana wake. Ndamuuza kuti Profesa wake ali bwinobwino, akuwerenga. Bodza pang'ono. Wakhala chigonere, kukoleji sanapite. Ndamufunsa chavuta n'chiyani, wangogwetsa misozi, chifukwa chake mwini wake sakuchidziwa. Sabata yatha zinalinso chimodzimodzi. Mwina ndi mayeso.

Ndimamunyadira mwanayu, ndisaname. Timagalasi take, mabuku mpaka pabedi. Chimubweretsereni amayi ake kuti ndizimusunga mpaka amalize koleji, sanandiyankhepo mwano. Uyu ndiye mwana, osati zolengedwa za kuholo zija.

Magetsi atsala pang'ono kutha. Furiji imadya kuposa anthu.

Lachisanu, 10 Okutobala

Pageti panabwera Wandolo. Ndimamudziwa, ndi uja amaima pakhomo la chimbudzi kuholo, dzanja silichoka m'sokosi. Golosale yake ya kabatani ili momwemo. Akuti akufuna Profesa, amaphunzira limodzi. Iwe kuphunzira? Ndamuthamangitsa ndi tsache, thalauza likumugwa.

Profesa akuti sakumudziwa bwinobwino, amangomubwereka mabuku. Mawa akagona kwa mnzake, akawerenge. Ndamupatsa ya basi.

Lamlungu, 12 Okutobala

Kuchipatala. Pabenchi la mukhonde.

Dzulo kuholo ndinamuona Profesa pakati pa gulu. Wopanda magalasi, kadiresi kongofika apa. Ndinayamba ndamunyoza mumtima ngati ena onse, kenako anatembenuka. Nsagwada zikuyenda. Anandimwetulira, mwana amene sadziwa kumwetulira ngakhale pachithunzi.

Ndinamukokera kuseri kwa tebulo. Sindinakuwe. Ndinati izi ine ndimazidziwa, ndaonapo angati akugwa ndi kutentha, alonda n'kuwathira madzi, n'kudzuka. Kuholo aliyense amadziwa kuti madzi amatsuka kabatani m'thupi. Anzake anali atamumwetsa kale, ine ndinati sanakwane. Ndinatsegula botolo. Lina. Linanso. Katundu ndi wanga, ndiumirenji?

"Anti, mimba yadzaza, mutu ukundiwawa." Ndinati imwa, unameza wekha. Atasanza ndinakondwa, ndinati poizoni uja akutuluka. Kunyumba ndinamukhazika pampando, jagi m'manja, ine chiimire pambali ngati wapolisi. Chipatala ndinachiganizira, koma manyazi. Anthu amve kuti mwana wa m'nyumba mwanga?

M'mawa anayamba kubwebweta, osandizindikira. Kenako thupi lonse gwa, kuphupha pansi, thovu kukamwa. Mwamuna wa aneba ndi amene watinyamula pagalimoto.

Lolemba, 13 Okutobala

Sanatsegule maso. Mapaipi m'mphuno, diripi pamkono.

Adokotala ake ndi kamtsikana koti ndingakabereke ine. Ndinayamba kukafotokozera za kabatani ngati katswiri. Kanandisiya ndimalize, kenako kanati dzina lake ndi ekisitasi. Akuti amatenthetsa thupi, ena amafa nako kutenthako, n'zoona. Koma amaletsanso thupi kutaya madzi. Munthu akamwa ochuluka amangodzazana m'kati, mchere wa m'magazi n'kusukuluka, ubongo n'kutupa. Akuti munthu wotere amafunika kukhala pozizira, kumwa pang'onopang'ono, akayamba mutu ndi kusanza kuthamangira naye kuno. Ndiye chifukwa chake sanapite kuchimbudzi nthawi yonse ija, ine osazindikira.

Kanandiyang'ana m'maso. "Anamumwetsa madzi ochuluka chonchi ndi ndani?"

Ndinati anzake.

Anzakewo ali kuti? Aja ankakumbatirana, kulumbira kuti ndi pachibale mpaka imfa? Mafoni onse otseka. Mmodzi yekha watumiza uthenga pafoni ya Profesa, timitima tofiira mbwee, pansi pake akupempha kuti dzina lake lisatchulidwe, bambo ake ndi ovuta. Wandolo akuika zithunzi za nsapato zatsopano pa intaneti. Agalu.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Bwana waimba. Ndimati afunsa za mwana. Ayi ndithu. Akuti dzina la holo lisamveke kuchipatala, likamveka tebulo langa apatsa wina. Kenako, mawu ofewa ngati m'busa, akufunsa ngati Loweruka ndibwera, kukubwera woimba wamkulu, ndiwonjezere madzi. Ndadula foni. Koma lendi ya nyumba sidziwa kuti kuli matenda, ndipo ndikudzidziwa, Loweruka ndidzayamba kuyang'ana kumene kuli makireti.

Ndamuimbira mng'ono wanga. Ndinachedwa dala, ndimati mwina adzuka ndisananene. Akwera basi yoyamba.

Lachitatu, 15 Okutobala

Wafika. Nsapato zosiyana, mpango wopotoka. Atamuona mwana sanalire, anangomugwira phazi.

Pabenchi ndamuuza nkhani yonse monga ndinawauzira adokotala. Anzake, anzake, anzake. Ndaikometsera mpaka ndayamba kuikhulupirira ndekha. Iye watukwana ana aja ndi makolo awo omwe, akuti apita kupolisi, amene anamumwetsa madziwo akafere kundende. Ine ndikuvomereza ndi mutu, eya, akafere komweko.

Kenako wandigwadira pasimenti, anthu akuona. "Achemwali, pakanapanda inu, bwenzi pano tikulira maliro." Ndamudzutsa. Ndamupukuta maondo.

Madzulo Profesa watsegula maso pang'ono. Adokotala akuti mchere ukukwera, koma za ubongo tidikire. Sakulonjeza kuti mabuku aja adzawawerenganso. Ndapemphera kuti adzuke. Ndapempheranso china chimene sindingachilembe.

Lachisanu, 17 Okutobala

Walankhula.

Tinali awiri pambali pa bedi, amayi ake akumupesa, ine ndanyamula beseni ndi kansalu koti ndimupukute kumaso. Anawazindikira amayi ake. Chimwemwe chake! Mng'ono wanga kuseka ndi kulira pamodzi. Kenako maso a mwana anafika pa ine, anatsikira pabeseni. Anadzikokera kukhoma, diripi yonse kugwedezeka.

"Amayi, auzeni anti ndakhuta. Asandimwetsenso."

Mng'ono wanga anandiyang'ana nthawi yaitali, chipeso chili m'manja. Kenako anatenga beseni lija, analiika pansi pa bedi, n'kunena mwaulemu, ngati akulankhula ndi mlendo, kuti ndikadikire panja.

Ndili panja. Adokotala angolowa kumene, ndamva mng'ono wanga akuwaitana kuti ali ndi funso. Chitseko atseka.