Chikwangwani Chimene Sindinakhome

Stockport,
12 Novembala, 1804

Okondedwa achimwene a Jabez,

Muli bwanji kumeneko? Kodi chifuwa chija chinakusiyani, kapena mukukakamirabe kukwera phiri ndi nkhosa kukugwa chisanu? Ife kuno tilipo, ine ndi mwana wanga Dinah, kungoti mutu wangawu sukuyenda bwino masiku ano. Tchizi munatumiza chija tinalandira, zikomo kwambiri. Alamu a Phoebe, ndikudziwa kuti kalatayi mukuwerenga ndinu. Chonde muwawerengere amuna anuwo zonse, musadumphe pamene pakuwawa.

Ntchito ikuyenda. Dzuwa likulowa msanga tsopano, ndiye mafakitale a thonje akufuna makandulo ambiri kuti anthu aziona ulusi mpaka belu loweruka lilire. Amanganso ena awiri kutsidya kwa mtsinje, moti chovala ukachiyanika panja chimabwerako chakuda kuposa mmene unachichapira. Timaviika zingwe m'mafuta kuyambira m'mawa, ine ndi mayi Clegg, mayi wachikulire amene amandithandiza. Fungo la mafuta a nkhosa latilowerera, kutchalitchi benchi yathu sidzaza.

Mukudziwa kuti chimwalirire amuna anga a Josiah, zaka zinayi zapitazo, shopuyi ndayendetsa ndekha. Chaka choyamba ndinasiya chikwangwani cha dzina lawo pakhomo, ndipo wobwera kudzafunsa abwana ndinkamuuza kuti achokapo. Kenaka bodza linanditopetsa, ndinalembetsa changa: Keziah Holt, wopanga makandulo. Palibe anandiletsa. Eni mafakitale amalembera ine, ndipo makandulo akatuluka oipa amadzakalipira ine.

Tsopano nkhani nayi. Pali bambo wina, a Caleb Ramsden, oyendetsa ngolo, amene amatibweretsera mafuta kuchokera kwa opha nyama. Akazi awo anamwalira kale. Andifunsira ukwati ndipo ndavomera. Musaseke, achimwene. Ndi munthu wofatsa, mowa samwa, ndipo nthawi imene Dinah anadwala malungo anasiya ngolo yodzaza pamsewu n'kuthamangira sing'anga. Ukwati aulengeza kale kawiri kutchalitchi. Kachitatu ndi Lamulungu likudzali, ndipo mawa lake tikamange.

Lachiwiri lapitali a Caleb anabwera ndi mphatso yokulunga m'chiguduli, akumwetulira ngati mwana. Nditamasula ndinapeza chikwangwani chatsopano, chobiriwira, malemba ake achikasu, chokongola ndithu. Palembedwa kuti Caleb Ramsden, wopanga makandulo. Munthu amene anayesapo kuviika kamodzi kokha, kandulo yake n'kutuluka yokhota ngati mwendo wa galu. Ndinafunsa kuti nanga dzina langa lili pati. Anadabwa zenizeni, nati Ramsden ndi tonse awiri, ndipo anachita izi kuti andipeputsire ntchito, ndisavutike kukasaka wolemba. Chondisokoneza n'chakuti analibe mtima woipa ngakhale pang'ono. Ndinangothokoza.

Atangotuluka, mayi Clegg anaseka mpaka kutsokomola. Anandifunsa ngati ndikufuna mwamuna kapena bwana, ndipo anati ndiyambiretu kuphunzira kugogoda ndisanalowe m'shopu mwanga. Ndinawauza kuti asiye nsanje, si amuna onse ali ngati awo. Apo kuseka kunatha. Anandiuza kuti iwonso anali ndi shopu ya zipewa, ya atsikana asanu osoka, asanakwatiwe ndi mnyamata wina wa mawu okoma woimba kwaya. Patapita zaka ziwiri kunabwera mlendo n'kuyamba kuyeza zenera, akuti wagula malowo kwa amuna awo. Atakadandaula kubwalo anauzidwa kuti munthu sadzibera yekha. Lero ndi awa akundisendera mafuta a nkhosa. Anangomaliza n'kuti chaona mnzako chapita.

Lachinayi ndinapita kwa loya wina pafupi ndi msika, ndipo zimene ndinamva kumeneko sizinandikhazikikebe m'mutu. Akuti panopa, poti ndine wamasiye, lamulo likundiona ngati munthu: nditha kugula, kugulitsa, kusuma. Koma tsiku la ukwati mwamuna ndi mkazi amasanduka munthu mmodzi. Ndinafunsa kuti mmodziyo ndi uti. Anati mwamunayo. Ndinafunsa kuti nanga ine ndimapita kuti. Anati sindipita kulikonse, ndimangofundidwa, ngati mwanapiye pansi pa phiko. Ndinafunsanso ngati mwanapiyeyo azidzukabe mbandakucha kusonkha moto pa mphika wa mafuta, ndipo anayankha osaseka n'komwe kuti inde, ntchito ndizigwirabe, kungoti mphikawo, nkhuni zake ndi makandulo otulukamo zidzakhala za a Ramsden. Iwo akadzatsogola, zidzayenda mmene adzalembere iwowo. Ali ndi mwana wamkulu wamwamuna ku Bolton, ndipo Dinah si magazi awo.

Akuti njira ilipo imodzi. Ukwati usanamangidwe, ndipereke shopu yonse m'manja mwa mwamuna wina wokhulupirika, palembedwe kuti akusungira ine ndi Dinah. Ikatero a Caleb sangaikhudze, poti si yanganso. Mwamva, achimwene? Kuti ikhale yanga, ndiyenera kuyamba ndaipereka. Kuithawitsa kwa mwamuna wodziwa mafuta abwino ndi fungo lokha, n'kuipereka kwa mwamuna amene sanaonepo ndi khomo lake lomwe. Ndazitembenuza masiku anayi, pamutu ndi pamchira sindikupaona.

A Caleb ndinawauza. Chipewa chili m'manja, anafunsa ngati nkhope yawo ikuoneka ya mbava. Anati anzawo a ngolo aziwanena kuti wokwatiwa ndi iwowo, osati ine, ndipo aziwafunsa ngati madamu awalola kutuluka. Ndinalira, achimwene, chifukwa sindikuwaganizira choipa. Pomaliza anati ngati pepala ndi limene lindigonetse tulo, aikapo dzina lawo, koma chikwangwani chawo sachinyamula kudutsa nacho pamsika anthu akuona. Chili kuseri kwa mphika waukulu, chayang'ana kukhoma. Dinah amapita kukachisuzumira, ndipo dzulo anandifunsa kuti kusukulu ya Lamulungu aziphunzira kulemba dzina liti.

Mwamuna wokhulupirika uja mwadziwa kale kuti ndinu, wina ndilibe. Koma ndinene zoona, poti ndife a bere limodzi. Sindinaiwale gudumu la amayi lopotera ulusi. Atamwalira abambo munaligulitsa, mukuti makina a m'tauni aipha ntchitoyo ndipo likungodya malo m'nyumba. Mwina munkanena zoona. Koma simunawafunse. Amayi anapota pa gudumu limenelo zaka makumi atatu, nsapato zathu zonse zinachokera pamenepo, ndipo mukukumbukira mmene ankakhalira pakona paja manja ali pamiyendo, zala zikungoyenda zokha. Lamulo linali kumbali yanu nthawi imeneyonso. Ndiye onani mmene zandithinira: ndikuopa munthu amene sanandilakwirepo, n'kuthamangira kwa munthu amene ndinamuona ndi maso anga. Kaya ndi nzeru kaya ndi misala, ine sindikudziwa.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani, mufike Loweruka lisanathe. Ngolo ya akavalo yochoka ku Todmorden Lachisanu ikusiyani ku Manchester, kuchoka apo ndi pafupi. Loya akuti poti simulemba, kamtanda kanu papepalapo n'kokwanira. Koma musanakagwire cholembera, mudzayambe mwafika kushopu. Mudzaone mphika, mudzaone manja anga, mudzamve nkhani ya mayi Clegg kuchokera pakamwa pawo, kenaka mudzandiuze mukundiyang'ana kuti simudzagulitsa ngakhale chingwe chimodzi osandifunsa. Mawu amenewo ndikuwafuna kuposa kamtandako.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Tabitha, muwauze kuti mafuta a mawondo aja ndiwapatsira inu pobwerera. Moni kwa ana onse, makamaka mnzanga wa dzina, ndiponso kwa amalume a Enoch ngati akumvabe. Alamu, zikomo powerenga. Mbatata musanyamule, kuno ziliko.

Mukapanda kufika, Lamulungu abusa akafunsa kachitatu ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa ukwatiwu, woimirira ndikhala ine mwini wake, tchalitchi chonse chikuona. Ndipo a Caleb ndimawakonda, achimwene. Chonde musandiimiritse.

Ndine mlongo wanu,
Keziah Holt