Njinga ya Damiano

Amayi anga, kodi mukukhala bwanji kumene muliko?

Kuno tilipo, ngakhale sitinazolowerebe kuona chitseko cha nyumba yanu chili chotseka dzuwa litakwera. Ndine Pasikale, mwana wanu woyamba. Mvula yayamba kugunda cha ku Ntchisi, ndiye ndati ndikulembereni khasu lisanandilande nthawi.

Ndiyambe ndi zabwino. Mtengwa wanu Nambewe anachira mu Epulo, mwana wamkazi, ndipo tam'patsa dzina lanu, Agata. Watenga mphuno yanu, ndipo akakwiya liwu lake limamveka mpaka kudimba. Khadi la chipani tinam'gulira kale, chifukwa achinyamata a pachipata cha msika sasiya ndi wakumbuyo yemwe. Zina sizilembedwa papepala, inu mukudziwa. Chimanga chinadzaza nkhokwe imodzi ndi theka. Mtedza wa kumunda wa kuphiri anatithandiza kukolola ndi anyani, koma fodya anachita bwino. Mbuzi yanu yamawangamawanga ija inaswa ana awiri, mmodzi fisi anatenga.

Tsopano ndinene chimene chandigwiritsa pensulo. Damiano wanu anabwera kuchokera ku Joni patatha masabata atatu titakuikani. Kalata ya maliro inam'peza mochedwa kumgodi. Atafika anagwa pamanda panu n'kulira mpaka mawu kutha, ndipo amayi a m'mudzi ankati, "Onani mwana wokonda make." Ine ndinaima pambali ndi khasu lomwe ndinalambulira njira ya kumandako, palibe anandiyang'ana.

Amayi, pali chinthu chimene simunachidziwe. Sabata yanu yomaliza, titakubweretsani pangolo kuchokera kuchipatala cha ku Mtengowanthenga, munandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Damiano, wafika mwana wanga?" Ine ndinayankha kuti, "Ndafika, amayi." Munamwetulira kumwetulira kumene sindinakuonepo miyezi isanu yonse imene ndinkakutembenuzani pamphasa ndi kukumwetsani phala. Dzanja lija linali langa. Ndinanama kuti mupite ndi mtima wokhazikika, koma bodzalo landikhala pakhosi mpaka lero.

Mng'ono wangayo anabwera ndi sutikesi, chipewa cha nthenga, ndi njinga. Njinga yake yakuda bii, ya magalasi awiri, tcheni chake chobisika m'chitsulo kuti chisadetse buluku. Inu mukudziwa kuti kuno njinga ndi bulu. Imanyamula chimanga kupita kuchigayo, imanyamula nkhuni, imanyamula wodwala. Ya Damiano sinkanyamula kanthu. Lamulungu lililonse tikatuluka ku Misa, ndiponso Lachitatu madzulo, ankavala shati yoyera, n'kulowetsa miyendo ya buluku m'masokosi, uyo wapita ku Boma. Pobwera analibe ngakhale kapaketi ka mchere.

Tsiku lina ndinam'funsa kuti, "Kodi iwe, ku Boma umakatani?"

"Palibe, achimwene," anatero. "Kungopitidwa mphepo basi."

Kupitidwa mphepo! Ine mphepo imandipita ndili chiweramire m'mizere ya fodya. Ndinabadwa ndine woyamba, ndinasiya sukulu mu Sitandade 4 kuti iye apitirize, ndinatenga mkazi wanga chitengwa kuti ndisakusiyeni nokha, koma wopitidwa mphepo panjinga ya magalasi awiri ndi Damiano.

Nkhani ya njingayi inafika mpaka pabawo, pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa golosale. Azibambo anayamba kutsutsana za mtunda umene munthu ayenera kupalasa ngati akungoyenda wopanda chokatenga. Wina anati mailosi asanu akwana. A Chisale, aphunzitsi opuma aja, anati akhale khumi kuti thukuta lituluke bwino. Ine ndinati munthu wopanda chokatenga akhale pansi, matayala asathere chabe. Palibe anaseka. Ndiye anam'funsa mwiniwake.

"Ine mailosi sindiwerenga," anatero Damiano. "Mtunda wabwino ndi woti pobwera ukhale ukadali ndi mpweya wopatsira anthu moni. Ukafika pakhomo uli wefuwefu, osatha kuyankha 'zikomo', ndiye kuti wapitirira."

Onse anagwedeza mitu ngati amva ulaliki wa abambo mfumu. Koma ine ndinawazindikira mawuwo. Si inu kodi munkatiuza tikamathamangira kudambo kuti, "Ulendo ndi kubwerako"? Munatiuza tonse awiri, koma nzeruzo anthu anaziyamikira pakamwa pa iye.

Chimene chinandipsereza mtima kwambiri ndi Nambewe. Tsiku lina akupeta mphale anamuona akudutsa, n'kunena kuti, "Koma alamu amadziwa kudzisamala. Inu bwanji simuwapempha kuti nanunso muziwongolako miyendo?" Ananena mopanda choipa mumtima, koma ine mawuwo anandibaya tsiku lonse. Kupempha sindinapemphe. Damiano anandiuzapo kawiri kuti ndikafuna ndizitenga, ine n'kumuyankha kuti miyendo yanga ilibe vuto.

Ndiye ndinayamba kumuwerengera nthawi, monga achitira munthu wansanje. Mu Juni ankafika ku Boma n'kubwera. Pofika Ogasiti ndinamva kwa anthu kuti akuthera pamlatho. Mu Okutobala ankangofika pakachere wa pamphambano, pamene ngakhale nkhalamba imafika wapansi. Amayi, ndikuvomera, ndinakondwa. Ndinkauza anthu kuti ulesi wa m'tauni wayamba kuonekera.

Lamulungu lina pabawo pomwepo, nditamwako pang'ono, ndinadzitama kuti ine ndikhoza kupalasa mpaka ku Boma la Ntchisi, kutali kuposa Boma lathu limene Damiano ankafika, n'kubwera dzuwa lisanalowe.

"Musatero, achimwene," anatero Damiano motsitsa mawu. "Zitunda za uko si zamasewera, komanso kwatentha. Yambani ndi pamlatho, thupi lizolowere."

Mawu oti "yambani" ndi amene anandinyamula. Mwana amene ndinkam'bereka kumbuyo andiphunzitse poyambira? Lamulungu lotsatira sindinapite n'ku Misa komwe. Ndinatenga njinga ija m'mawa, ndilibe madzi, ndilibe kamba.

Sindikubisirani, poyamba zinakoma. Nditadutsa pakachere njira inatsetsereka, mphepo inalowa m'malaya, mapiri onse akuoneka ngati akundipatsa njira. Ndinaliza belu popanda munthu kutsogolo. Kwa nthawi yoyamba chimwalirireni inu, mutu wanga unalibe fodya, unalibe maliro, unalibe kanthu. Ndinati, kani Damiano amadya zotere yekha! Ndipo nsanje inakula m'malo mochepa.

Nditawoloka mlatho zitunda zinayamba. Ukakwera chimodzi, china chikukudikira kuseri. Ndinatsika n'kumakankha, kukweranso, kutsikanso. Dzuwa la Okutobala linafika paliwombo ndili pakati pa mapiri, lilime litauma gwa. Mayi wina wa m'mudzi wa m'mbali mwa njira anandipatsa madzi m'chikho, n'kufunsa kuti, "Kodi bambo, kuli maliro kumene mukuthamangirako?" Ndinabweza chikho n'kupitiriza ulendo. Nkhalango ya paphiri la Ntchisi ndinaiona ndithu patsogolo panga, koma ku Bomako sindinafike. Miyendo inakana, ndinatembenuka.

Pobwerera, pamatsitso ena a miyala, mnofu wa katumba unakokana. Ndinachedwa kugwira mabuleki, ndipo ndinapezeka ndili m'ngalande, njinga pamwamba panga. Bondo linang'ambika. Gudumu lakutsogolo linapindika ngati lichero lakale. Munkati, "Kuthamanga si kufika," ndipo mawuwo ndinawamva bwinobwino ndili chagada m'ngalandemo. Ndinaisenza njinga paphewa n'kuyamba kutsimphina, njira yonse ndikukonza bodza lokamuuza mwiniwake.

Dzuwa litapendeka ndinafika pamlatho. Ndinaona munthu atakhala pansi, atatsamira chipilala, pambali pake pali chigubu cha thobwa. Anali Damiano. Ananditsatira wapansi kuchokera kumudzi. Ndinadikira kuti ayang'ane gudumu lija, koma anayang'ana bondo langa. Anafuna kulankhula, mawu osatuluka. Chifuwa chake chinkalira ngati mvukuto wobooka. Anatsokomola nthawi yaitali m'kampango, ndipo pochotsa pakamwa ndinaona magazi.

"Mwavulala kwambiri?" ndiwo mawu oyamba amene anakwanitsa.

"Iwe, magaziwa ayamba liti?"

Anandiuza zonse pamenepo, pang'onopang'ono, akupumira pakati. Ku Joni sanachoke chifukwa cha maliro anu okha. Fumbi la pansi pa mgodi linam'dya mapapo, ndipo anam'bweza kuti ntchito sangaithenso. Asisitere a kuchipatala cha mishoni anamuuza kuti asamangogona, aziyendako mofatsa kuti chifuwa chisatsekeke, koma asamadzikakamize. Kuyenda wapansi kumam'topetsa msanga. Panjinga amapumako pamatsitso.

"Ndikamva kuti mpweya wayamba kuchepa, ndimatembenukira pomwepo," anatero. "Kale unkandifikitsa ku Boma. Pano ukuthera pakachere."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Munali mutangoika amayi, alamu ali ndi pakati, fodya ali m'munda. Ndikanakusenzetsaninso ine?"

Amayi, miyezi yonse ija ndinkasekerera kufupika kwa ulendo wake, osadziwa kuti chimene chikufupika ndi mpweya wa mng'ono wanga. Tinakhala pamlathopo awiri, wina wotsimphina, wina wobanika, mpaka inadutsa ngolo ya munthu wochokera kuchigayo n'kutinyamula pamodzi ndi njinga. Thobwa lija tinamwera m'ngolomo, ndipo linali la Nambewe.

Gudumu anatiwongolera wokonza njinga wa ku Boma, anasintha masipoko asanu ndi limodzi. Bondo lapola, latsala chipsera. Tsopano Lamulungu lililonse tikatuluka ku Misa wopalasa ndine, Damiano amakhala pakaliyala, pamtsamiro umene mtengwa wanu anam'sokera. Timafika pamlatho, timapuma, timabwerera. Ndapeza kuti mtunda umenewu ndi wondiyenera. Thukuta limatuluka, mutu umapepuka, koma Lolemba ndimadzuka ndi mphamvu zogwira khasu. A Chisale akuti kupita ndi kubwera ndi mailosi asanu ndi atatu, kaya anayeza ndi chiyani. Tikapeza chitunda Damiano amafuna kutsika, ine ndimam'kalipira kuti akhale.

Musaganize kuti ndasanduka mngelo. Tikamadutsa m'midzi anthu amakuwa kuti, "Wawa a Damiano! Mwayenda bwanji a ku Joni?" Iye amakweza chipewa chake cha nthenga ngati bwanamkubwa, ine wotuluka thukuta kutsogolo palibe wonditchula. Agata naye akalira, amatonthola msanga m'manja mwa iye kuposa mwanga. Ndimaluma mano. Ndikaulula kwa abambo mfumu amandipatsa mapemphero omwe aja, ndipo sabata yotsatira ndimabwerera ndi tchimo lomwelo. Munkati chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona, koma simunatiuze kuti fupalo nthawi zina limabaya.

Lamulungu lapitali tili pamlatho, akuyang'ana madzi oyamba a mvula akudutsa pansi, anandiuza kuti, "Achimwene, ndikapita njingayi ndi yanu. Musaisandutse ya kuchigayo yokhayokha, muzipitidwako mphepo." Kenaka anaseka pang'ono n'kufunsa kuti, "Muli ndi uthenga woti ndikawapatsire amayi?"

Ndinakwiya kwambiri. Iye anayesa kuti ndakwiya ndi chisoni, ndipo chisoni chinalipo ndithu. Koma pansi pa chisonicho panali china chimene ndikuchita nacho manyazi. Ndinaona kuti ngakhale kumeneko adzayamba kufika ndi iye. Adzakhala pambali panu, mudzam'funsa za ulendo, mudzaseka naye, ine ndikadali kuno ndikupalira mtedza wa anyani. Ndinamuuza kuti uthenga wanga sindituma munthu, ndilemba ndekha. Ndi uwu mukuwerengawu.

Ndiye pempho langa ndi limodzi, amayi. Musamuitane msanga. Kumeneko muli ndi abambo, muli ndi alongo anu awiri, muli ndi ana anu amene anatsogola ali makanda. Ine wa bere limodzi ndatsala naye ndi yekhayu. Mundibwereke zaka zingapo. Loweruka ndim'tengera ku Mtengowanthenga kuti akamuonenso, ndipo mvula ikakula n'kuononga njira, ndizim'yendetsa ngakhale pabwalo la tchalitchi pokha. Ndikulonjeza kuti malinga miyendo yangayi ikupinda, mwana wanu sagona m'nyumba kudikira imfa.

Mupereke moni kwa abambo. Ndimakukondani, amayi, ngakhale pamene ndikukudandaulani.

Ndine mwana wanu,
Pasikale