Dothi la Fanuwelo

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Ife kuno tilipo, kungoti moyo wake ndi wongokokera. Chimanga chinapserera ndi dzuwa chikungoyamba kumasula, ndiye nkhokwe yanu chaka chino yasanduka bwalo la makoswe. Nandolo yekha ndiye wayesako. Mdzukulu wanu Lusiya anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Kamalira mokalipa ngati eni dzinalo. Kalongonda, nyemba zathu zija, ndimaphikabe, koma ana amati wanga amazunguza mutu, ati ndimafulumira kuphula.

Koma chandikhazika pansi lero ndi manda anu. Paja muli gone pamphasa munandigwira mkono n'kunena kuti, "Estere, chiliza musadzamange Fanuwelo asanaponye dothi lake." Ndinavomera msanga, poganiza kuti mzime wanuyo akangomva uthenga adzakwera ndege. Tsiku loika tonse tinaponya dothi m'dzenje, aliyense dzanja lake, mpaka ana. Dzanja la Fanuwelo lokha ndilo linasowa, ndipo likusowabe.

Chichokereni inu, madzi ochokera kuphiri asintha njira. Akumba chigwembe m'mphepete mwa manda, ndipo dzinja lililonse chikunyemako. Mvula yathayi inakokolola mtumbira wanu cha kumiyendo, mtanda n'kugwa chafufumimba. Manda oyandikana ndi anu anatseguka, adzukulu okumba manda anachita kukakwiriranso. Amalume, alongo anu aja, anabwera kunyumba nkhope ili gwa. Anati, "Iwe, ukufuna mlongo wanga tidzakamutole ku Chilwa? Mawu a womwalira timasunga, koma mvula sinawamve." 

Ndiye ndinapita pa Migowi, pa telefoni yolipira ija, kukamuimbira Fanuwelo kunja kumene ali. Inu munkangoti mwana wanu amakonza ndege, koma nditamufunsitsa ndinamva kuti si choncho. Mukukumbukira tsiku lija tikutola nkhuni kuphiri, iye ali wamng'ono? Anaona munthu akudula mtengo kutsidya, nkhwangwa ikugwa kaye, phokoso n'kufika pambuyo. Anakuvutitsani nalo funso njira yonse mpaka munamuopseza ndi chikuni. Ndiyetu phokoso lochedwa lija sanalisiye. Akuti mawu ali ndi liwiro lake, ndipo ntchito yake ndi yofufuza mmene mphepo imachitira ikakumana ndi ndege yothamanga kuposa mawu kasanu.

Akuti pa liwiro limenelo mpweya supatukanso panjira. Umaunjikana kutsogolo kwa ndege n'kutentha mpaka chitsulo kusungunuka. Ndiye iwo amasula tindege tating'ono ngati chitsononkho, n'kutiika m'chipaipi chachitali, n'kutsegulira chimphepo kwa kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, kuti aone ngati mphuno yake ipirire. Ankafotokoza mwachisangalalo, ngati mwana amene wapha mbalame yake yoyamba ndi legeni. Ine ndinkangoti eya, eya, mtima uli kumanda.

Ndinamufunsa kuti ndege yoteroyo ingamufikitse kuno nthawi yanji. Anaseka, ati, "Achemwali, mutatereka nyemba, ine n'kufika zisanapse." Kenaka anawonjeza kuti ndegezo sizinayambe kuuluka bwinobwino, ndipo sizidzanyamula anthu. Nditafunsa kuti nanga zidzanyamula chiyani, anazemba funsolo. Sindinapite patali ndi sukulu, amayi, koma ndinazindikira kuti ndi zida zankhondo.

Apo ndiye ndinamuuza za chigwembe, za mtanda, za mawu anu. Ndinati bwera, ngakhale masiku awiri, udzangoponya dothi basi. Anayamba kuyankha m'Chingerezi, ine n'kumudula kuti ayankhule zomveka. Ndiye anandiuza zimene anakhala akundibisira. Kuti amulole kulowa m'chipinda cha chipaipi chija, anachita kukhala nzika ya dziko limenelo, pasipoti ya kuno n'kubweza. Tsopano ulendo uliwonse wakunja amayamba wapempha kwa akuluakulu ake, ndipo iwo amamufunsa kumene akupita, amene akaonane nawo, ndi zimene akakambe. "Amati ndikudziwa zambiri, achemwali. Ndapempha, akungoti dikira. Mwina chaka chamawa." Mawu oti chaka chamawawo anandiuzanso chaka chatha, ndi chinzake chija.

Ndinakwiya, sindikubisirani. Ndinamufunsa kuti chinsinsi chakecho angachiulule kwa ndani kuno, kwa amalume kapena kwa mbuzi? Ndinamukumbutsa mmene munkasenzera nkhuni mpaka pamsika kuti iye asajombe kusukulu, khosi lanu mpaka kupindika. Kenaka ndinamva akulira. Mwana wanu uja, bambo wamkulu wa ndevu zake, akulira ngati tsiku limene munamusiya kusekondale. Telefoni inaduka ndisanamutonthoze, ndipo sindinaimbenso.

Pobwerera ndinayenda pansi, minibasi ndinazisiya zikudutsa. Ndinkangokumbukira mmene munkamukalipira akamathamanga ndi ndowa kuchokera kumjigo, madzi n'kufika theka. Munkati, "Kuthamanga sikufika, Fanuwelo." Tinkaseka nthawi imeneyo. Tsiku limenelo sindinaseke, ndinalira kuyambira pa Migowi mpaka pakhomo.

Amayi, ndikhululukireni. Ndawavomera amalume. Mchenga tatuta kale, simenti ili m'nyumba, mmisiri ayamba Loweruka lino mitambo isanasonkhane paphiri. Ndikuphwanya mawu anu ndikuona, chifukwa ndikawasunga, Fanuwelo adzapeza chigwembe chokha popanda poponya dothi. Zikundiwawa kuti pa ana anu awiri, amene anatsala pakhomo ndi amene akukulakwirani.

Chimodzi chokha ndakakamira. Ndamuuza mmisiri kuti cha kumutu asiye kabowo kosatseka, kokwana dzanja la munthu wamkulu. Wakana, ati madzi azilowa, chiliza chidzang'ambika. Amalume ati ndi misala. Ndawauza kuti ndamva, koma kabowoko kakhalapo.

Kunena zoona, sindikhulupiriranso kuti adzabwera. Mtima wanga unaleka kudikira tsiku lija pa Migowi. Koma ndikulonjezani kuti ndidzavundikirapo mwala, ndipo ndizizula udzu womera m'menemo masiku onse amene ndili ndi mphamvu. Ndikadzafooka ndidzamulozera Lusiya, iyenso adzalozere kamwana kotchedwa dzina lanu kaja, kuti adziwe kuti pamenepo sipanaiwalike ndi mmisiri. Ndi malo a dothi la Fanuwelo.

Gonani bwino, amayi. Mvula ikayamba musaope.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Estere