Nthambi za Maapozi Sinditumiza

Okondedwa achimwene, bambo a Chikondi,

Landirani moni wochokera kuno ku Braunstone, kutsidya kwa nyanja, inu pamodzi ndi alamu ndiponso onse a pa Bembeke. Ife tili bwino, kupatula bondo langa limene silimvana ndi chisanu.

Munapempha kuti amayi a Tadala akamabwera akubisireni m'sutikesi nthambi za mtengo wanga wa maapozi, kuti mumezanitse ndi yanu. Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Mwana wamkazi wa a Ismail, anzanga a dimba loyandikana ndi langa, amafufuza matenda a mitengo ku yunivesite. Anatenga masamba m'madimba athu onse kukawayeza, ndipo Loweruka anatiuza kuti mitengo yambiri ili ndi vayirasi, wanganso womwe.

"Mayi, mtengo wobiriwira chotere, wobereka mpaka kuwerama?" ndinatero ine.

A Ismail anaseka. "Madala, inunso mukavala tayi mumaoneka athanzi, koma bondo lija?"

Mwanayo anafotokoza kuti vayirasiyu amabisala, amayenda ndi nthambi zimene timagawana pomezanitsa, ndipo ali m'mitundu yambiri: wa mumtengo mwanga ngwosiyana ndi wa a Ismail. Mtundu wofatsa kuno ungathe kufooketsa mitengo yanu kumeneko.

Munda umene ukudyetsa banja lonse sindingauike pachiswe. Ndidzakutumizirani mpeni watsopano womezanitsira. Za nthambi mukafunse alangizi a zaulimi kumeneko. Chonde musavutike kunyengerera alamu anu pafoni, sutikesiyo ndidzalongedza ndekha.

Ambuye akusungeni inu ndi munda wanu.

Ine mkulu wanu,
Bambo a Tadala